Matenda a pampu yobisika pansi pa chitsime cha mafuta

Lero tipite kutali, kumadzulo kwa Texas m'dziko la America, kufupi ndi mizinda ya Midland ndi Odessa. Munthu woyenda pa galimoto m'misewu ya kumeneko amaona chinthu chimodzimodzi kumanja ndi kumanzere mpaka pamene diso lalekezera: makina achitsulo ataliatali a mutu wonga wa hatchi, akuwerama ndi kuweramuka usana ndi usiku, popanda munthu pafupi. Makina omwewa muwapeza ku Kern River pafupi ndi Bakersfield ku California, kumene mafuta anapezeka mu 1899. Muwapezanso ku Daqing m'dziko la China, kumene anatulukira mafuta mu 1959, ndiponso ku Baku m'mbali mwa nyanja ya Caspian. Maonekedwe amene tinawazolowera m'zithunziwa anayamba mu 1925, pamene Walter Trout wa ku kampani yosula zitsulo ya m'tawuni ya Lufkin ku Texas anaika zitsulo zolemera pa mkono wozungulira kuti zizithandiza injini kunyamula katundu.

Mlendo akaona mutu uja ukugwedera amati basi, mafuta akutuluka. Mmisiri sanena choncho. Mutu ukhoza kugwedera mlungu wathunthu m'thanki osagwamo ngakhale dontho limodzi, magetsi akungopita, zitsulo zikungodyana. Chimene mukuona pamwambacho si pampu ayi, ndi dzanja lopopera chabe. Pampu yeniyeni ili pansi, mwina makilomita awiri kuchokera pamene mwaima, m'paipi yopapatiza yoti nkhonya ya munthu wamkulu singalowemo. Palibe angatsikireko, palibe angasuzumireko. Nanga ikadwala amadziwa bwanji chimene chavuta?

Tisanayankhe, tione kaye zimene zili pansipo. Kwa ife kuno si zachilendo monga mmene zikumvekera. Mjigo wa Afridev umene uli m'midzi yathu, umene chiyambi chake chinali konkuno ku Malawi ndi ku Kenya m'zaka za m'ma 1980, ndi mbale wake weniweni wa pampu imeneyi. Amene munaonererapo amakaniko akukonza mjigo mukudziwa kuti amatulutsa marodi olumikizana mmodzimmodzi, kumapeto kwake n'kutuluka pulanja, ndipo pansi pa silinda pamakhala valavu ina yosayenda. Pampu ya mafuta ndi yomweyo. Marodi achitsulo amatsika m'paipi, pulanja imayenda m'silinda, mavalavu ndi awiri: ina ili m'pulanja ndipo imayenda nayo limodzi, ina yakhazikika pansi. Valavu iliyonse ndi kampira kachitsulo cholimba kokhala pa kamphete kake. Kusiyana kwake ndi kuya. Mjigo wathu umatunga madzi osapitirira mamita 45, ndipo mayi amene akupopa amamva m'manja mwake ngati chogwirira chapepuka mosayenera. Pa mamita 2,000 palibe dzanja lingamve kanthu.

Marodi akamakwera, valavu ya m'pulanja imatseka, ndipo mafuta onse amene ali m'paipi kuyambira pansi mpaka pamwamba amalendewera pa marodiwo. Nthawi yomweyo valavu yapansi imatseguka, silinda n'kumadzaza. Marodi akamatsika, valavu yapansi imatseka, ya m'pulanja n'kutseguka, pulanja n'kumira m'mafuta amene alowa aja. Katundu uja amachoka pa marodi n'kukhala pa paipi. Ndiye kuti pa kugwedera kulikonse marodi amasenza katundu ndi kumutula, kusenza ndi kutula. Pampu yogwedera kasanu ndi katatu pa mphindi imachita zimenezi maulendo 11,520 pa tsiku, kupitirira mamiliyoni anayi pa chaka. Sungani mfundo imeneyi ya kusenza ndi kutula, pakuti luso lonse lofufuza matenda a pampu lagona pamenepo.

Njira yachidule yodziwira vuto ndi kuzula zonse n'kuziona ndi maso. Koma rodi imodzi imatalika mamita 7.6, ndiye chitsime cha mamita 2,000 chili ndi marodi oposa 260, olemera matani asanu kapena asanu ndi imodzi. Kuti atuluke pamafunika chigalimoto cha kireni, gulu la anthu, tsiku lathunthu kapena masiku angapo, ndipo nthawi yonseyo chitsime sichipereka kanthu. Tsono zitsime zambiri zimene zili ndi mapampu amenewa ndi zokalamba. Ku America, pafupifupi zitsime zitatu mwa zinayi zilizonse zimatulutsa migolo yosapitirira 15 pa tsiku, mgolo umodzi kukhala malita 159, ndipo zambiri zimatulutsa madzi amchere ochuluka kuposa mafutawo. Mwini chitsime chotere akazula pampu n'kupeza kuti inali yabwinobwino, wataya phindu la miyezi ingapo pachabe. Akabwereza kangapo amangochisiya chitsimecho. Zitsime zosiyidwa zopanda mwini ndi vuto lalikulu kumeneko, moti mu 2021 boma la America linapatula madola 4.7 biliyoni oti azitsekere, chifukwa zina zimatulutsa gasi ndi kuipitsa madzi akumwa. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kuyeza usanazule si nkhani ya mainjiniya okha. Imakhudza mlimi amene munda wake uli pafupi ndi chitsimecho.

Woyamba kuzindikira kuti zinthu sizili bwino ndi munthu woyendera zitsime, amene m'mawa uliwonse amazungulira pa galimoto yake kuchokera pa chitsime ichi kupita pa icho. Iyeyu amagwiritsa ntchito makutu ndi khungu. Amamvetsera mota ngati ikulira mofanana pokwera ndi potsika. Amagwira paipi yopita ku thanki kuti amve ngati ili yofunda, pakuti mafuta ochokera pansi amabwera ndi kutentha kwake. Amayang'ana rodi yosalala yonyezimira imene imalowa ndi kutuluka pakamwa pa chitsime. Mafuta akamatuluka rodiyo imakhala yonyowa pang'ono. Akasiya kutuluka imauma, imatentha, mphira zotsekera pakamwapo n'kuyamba kununkha kupsa. Ntchitoyi ili ndi zoopsa zake. Zitsulo zolemera zija zikhoza kuzungulira zokha ngakhale mota itazimitsidwa, ndipo zitsime zina zimatulutsa gasi wonunkha ngati mazira owola amene akachuluka amapha mphuno kaye, kenako munthu. Koma ngakhale munthu waluso chotere amangodziwa kuti pampu yadwala. Dzina la matenda salidziwa.

Dzinalo limachokera pa khadi. Amamangirira chipangizo chotchedwa dynamometer pa rodi yonyezimira ija. Chipangizochi chimayeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: pamene rodi yafika pa ulendo wake, ndi kulemera kwa katundu amene ikunyamula pamenepo. Kale cholembera chinkajambula zimenezi pa kapepala kolimba, n'chifukwa chake mpaka lero amati khadi ngakhale chithunzicho chimaoneka pa kompyuta.

Popeza pa wailesi sitionetsana zithunzi, tengani kamtengo mujambule pansi, kapena chala pa tebulo. Kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi ulendo wa pulanja, kuyambira pansi kufika pamwamba. Kukwera kwa mzere ndi kuchuluka kwa katundu. Yambani pa ngodya yapansi kumanzere. Pulanja yayamba kukwera, yasenza katundu yense nthawi imodzi: mzere ukwere chowongoka. Ikupitiriza kukwera ndi katundu yemweyo: mzere upite kumanja. Yafika pamwamba, yatembenuka, yatula katundu: mzere utsike chowongoka. Ikutsika yopanda katundu: mzere ubwerere kumanzere kumene unayambira. Mwajambula bokosi la ngodya zinayi. Limenelo ndi khadi la pampu yathanzi, yodzaza bwino.

Vuto n'lakuti khadi limene chipangizo chimajambula pamwamba silioneka choncho. Limakhala lopendekera, lokhotakhota, nthawi zina lodzipiringa mpaka mizere kupingasana. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo chikatalika chimatanuka. Tiyerekeze chitsime chathu chija cha mamita 2,000, chokhala ndi pulanja ya mamilimita 38 m'mimba mwake. Katundu wa madzi ndi mafuta amene pulanjayo imasenza amapitirira matani awiri, ndipo katundu ameneyu amatalikitsa marodi ndi theka la mita kapena kuposerapo. Mutu wa pamwamba umayamba kukwera pulanja ili chikhalire, kudikira kuti marodi amalize kutanuka. Komanso chimene chachitika pansi sichimveka pamwamba nthawi yomweyo. Kugunda kumayenda m'chitsulo pa liwiro la makilomita asanu pa sekondi, ndiye kumafika pamwamba patapita pafupifupi theka la sekondi, n'kubwereranso pansi, n'kukweranso, kukumana ndi kugunda kwina kumene kwangoyamba. Onjezani kulemera kwa marodi enieniwo ndi kukhulana kwawo ndi mafuta. Uthenga wa pampu umafika pamwamba utasakanikirana ndi zonsezi. Amisiri akale ankasunga mabuku a makhadi n'kumafananitsa ndi maso, ndipo zitsime ziwiri zodwala matenda amodzi zinkatha kupereka makhadi osafanana ngakhale pang'ono.

Mu 1936 injiniya wa kampani ya Shell, W. E. Gilbert, anaganiza zokayeza pansi pomwepo. Anapanga chipangizo chimene ankachilumikiza m'marodi pamwamba penipeni pa pampu, ndipo chinkakanda chithunzi cha katundu ndi ulendo wa pulanja chili konko. Kwa nthawi yoyamba anthu anaona khadi la pampu yeniyeni. Koma kuti uwerenge zimene chalemba unkayenera kuzula marodi onse, ntchito yomwe ija imene unkafuna kuipewa. Phindu lake linali lakuti amisiri anadziwa nkhope ya matenda aliwonse. Chinatsala ndi njira yoionera nkhopeyo uli pamwamba.

Amene anapeza njirayo ndi Sam Gibbs, nayenso wa ku Shell. Anazindikira kuti marodi amamvera masamu omwe amafotokoza kuyenda kwa mafunde m'chingwe chokungidwa. Mu 1963 anasindikiza njira yodziwiratu mmene marodi adzachitire pampu isanamangidwe. Mu 1966, pamodzi ndi mnzake A. B. Neely, anatembenuza masamuwo kuti ayende chobwerera: ukayeza katundu ndi ulendo pamwamba, ukadziwa kutalika, kunenepa ndi mtundu wa marodi, kompyuta ikhoza kuchotsa kutanuka, kuchedwa ndi kulemera kwa chitsulo, n'kukujambulira khadi la pansi. Chimene Gilbert ankachipeza atazula matani asanu a chitsulo, Gibbs anachipeza osamasula ngakhale nati imodzi. Njira imeneyi ndi imene ikugwirabe ntchito lero m'timabokosi timene mumaona titapachikidwa pambali pa mapampuwa.

Tsopano bwererani pa bokosi munajambula lija, tiyambe kuliwononga.

Matenda ofala kwambiri ndi awa. Mzere wakwera bwino, wapita kumanja bwino. Koma pulanja itatembenuka, mzere sutsika. Ukubwerera kumanzere uli m'mwamba momwemo, mwina mpaka pakati pa ulendo, kenako mwadzidzidzi n'kugwa chowongoka. Ngodya yapansi kumanja palibe, ngati wina waidula ndi mpeni. Chachitika n'chiyani? Silinda sinadzaze. Pulanja yakwera, koma mafuta analowa theka lokha. Potsika ikuyenda m'malo opanda kanthu, ndipo popeza pansi pake palibe chokankha kampira kaja, valavu yake ili chitsekere, matani awiri aja akadali pamsana pake. Ndiye imadzamenya pamwamba pa mafutawo ndi katundu yenseyo, phaa! Amisiri a ku Texas amati fluid pound. Kumenyako kumakwera m'marodi. Marodi apansi amapindika n'kumenya khoma la paipi, timipira ta mavalavu timasweka, magiya a pamwamba amalandira chibakera. Munthu woima pafupi amamva kugunda pansi pa mapazi ake, kasanu ndi katatu pa mphindi.

Chimene chimandikhudza pa matendawa n'chakuti pampu ilibe mlandu. Thanthwe limene muli mafuta limapereka pa mlingo wake, ndipo chitsime chikamakalamba mlingowo umatsika. Pampu inaikidwa chitsime chikadali champhamvu, kapena mwini wake anaifulumizitsa pofuna kupeza zambiri, ndiye ikupopa mofulumira kuposa mmene thanthwe likuperekera. Kuthamanga sikufika. Migolo yolowa m'thanki ndi yomweyo, koma magetsi achuluka ndipo marodi akufa imfa ya msanga. Mankhwala ake safuna kireni. Ndi kuchepetsa liwiro, kufupikitsa ulendo wa rodi, kapena kuimitsa pampu mphindi zingapo kuti chitsime chidzaze. Ndi mankhwala otsika mtengo kuposa onse, komabe ndi amene anthu amavutika nawo kumwa, chifukwa mwini chitsime akaona mutu waima mtima umamuuza kuti ndalama zaima.

Pali matenda ena ofanana nawo kwambiri, ndipo apa ndi pamene mmisiri wosadekha amasokera. Ngodya yomweyo ya kumanja ikusowa, koma mzere sukugwa mwadzidzidzi, ukutsika mokhota pang'onopang'ono. Ameneyu ndi gasi. Walowa m'silinda pamodzi ndi mafuta, ndipo pulanja potsika ikuyamba kaye kumupanikiza mpaka mphamvu yake itakwana kutsegula valavu. Gasi akachulukitsa, pulanja imangomupanikiza ndi kumumasula, mavalavu onse awiri osatseguka, m'thanki osalowa kanthu. Oyendera zitsime ena amatsitsa marodi pang'ono kuti pulanja izigunda pansi n'kugwedeza timipira. Pa khadi zimenezi zimaoneka ngati kaminga pa ngodya yapansi kumanzere. Zimathandiza lero, koma ndi kuphwanya pampu mwadala, ndipo ine sindikuona kuti ndi luso. Chofunika ndi kumupatutsa gasiyo asanalowe: kutsitsa pampu kuti ikhale pansi pa zibowo zimene mafuta amalowera m'chitsime, pakuti gasi amathawira kumwamba, kapena kuika chipangizo cholekanitsa gasi pakamwa pa pampu.

Mavalavu akatha, ngodya zimabulungika. Ikakhala valavu ya m'pulanja, kapena pulanja yadyeka ndi mchenga, katundu amasenzeka mochedwa n'kupulumuka msanga, ndipo ngodya ziwiri zapamwamba zimasalala. Ikakhala valavu yapansi, zimasalala ndi zapansi. Khadi lonenepa modabwitsa limaloza ku phula limene laundana m'paipi n'kumagwira marodi. Ndipo khadi likakhala kamzere kopyapyala kogona, bokosi kulibiretu, ndiye kuti rodi yaduka. Apa masamu ake ndi apafupi: mmisiri amaona kulemera kumene kwatsala, n'kugawa ndi kulemera kwa mita imodzi ya rodi, ndipo amauza a kireni kuti podukapo mukapapeza pa mamita akutiakuti.

Khadi lokha silikwana, ndipo mfundo imeneyi ndikufuna muigwire. Khadi likakuuzani kuti silinda sikudzaza, silinakuuzeni chifukwa chake. Kodi chitsime chaphwa, kapena mafuta alipo ambiri koma akulephera kulowa? Pamafunika mboni yachiwiri, ndipo mboniyo ndi phokoso. Pakati pa paipi ya mafuta ndi chipaipi chachikulu chimene chimagwira khoma la chitsime pali mpata. Mmisiri amalumikiza kamfuti ka gasi pakamwa pa mpatawo n'kuwomba kamodzi. Phokoso limatsika, ndipo pa mfundo iliyonse pamene mapaipi alumikizana, pafupifupi mamita asanu ndi anayi aliwonse, kaphokoso kakang'ono kamabwerera. Likafika pa mafuta limabwerera lalikulu. Maikolofoni imalemba zonsezi, ndiye ukawerenga timfundo tija mpaka pa kubwerera kwakukuluko wadziwa pamene mafuta alekezera. Njirayi inayamba m'zaka za m'ma 1930, ndipo kampani ya Echometer ya ku Wichita Falls ku Texas inatchuka chifukwa cha zipangizo zimenezi.

Ikani mboni ziwirizi pamodzi muone mmene mlandu umagamulidwira. Silinda sikudzaza, mafuta ali pansi penipeni pa pampu: chitsime chapereka zonse zimene chili nazo, chepetsani liwiro. Silinda sikudzaza, koma mafuta aima mamita mazanamazana pamwamba pa pampu: kuchepetsa liwiro sikuthetsa vuto, funani gasi kapena zinyalala zimene zatseka pakamwa. Silinda ikudzaza bwino ndipo mafuta akadali m'mwamba: pampu yachepa, chitsime chikhoza kupereka zambiri, apa ndiye fulumizani. Zizindikiro zimene pamwamba zimaoneka zofanana zili ndi mankhwala otsutsana. Ngakhale phokosolo limafuna kusamala, pakuti gasi akamabwadamuka m'mafuta amapanga thovu limene limaonetsa ngati mafuta ndi ambiri pamene ndi ochepa.

Pali kuyeza kwina kumene kumafuna buleki ndi kudekha basi. Mmisiri amaimitsa pampu marodi ali pakati pokwera, n'kumayang'ana nambala ya katundu. Ikakhala chikhalire, valavu ya m'pulanja ikugwira. Ikayamba kutsika msanga, mafuta akupulumuka. Amaimitsanso marodi ali pakati potsika. Apa nambala iyenera kukhala yotsika. Ikayamba kukwera, valavu yapansi ikudontha ndipo katundu akubwerera pa marodi. Amakaniko athu a mijigo amachita zofanana akausiya mjigo kanthawi n'kuwerenga kuti apopa kangati madzi asanatuluke.

Nthawi zina khadi limakhala bokosi lokongola, mavalavu onse akugwira, koma thanki sikudzaza. Pampu ikugwira ntchito yake, mafuta akukwera, koma penapake paipi yabooka ndipo akubwerera m'chitsime momwe anachokera. Amatseka paipi yopita ku thanki kwa kanthawi kochepa, n'kuona ngati mphamvu ikukwera ndi kukhazikika pa geji. Ikapanda kukwera, kapena ikakwera n'kugwa pampu itaima, bowo lilipo. Ndipo kawirikawiri bowolo linaboola ndi marodi omwe aja amene ankamenya khoma chifukwa cha kupopa mofulumira.

Masiku ano zitsime zambiri zili ndi kabokosi kamene kamajambula khadi pa kugwedera kulikonse. Kakaona ngodya ya kumanja ikuyamba kusowa, kamaimitsa pampu kokha kapena kuchepetsa liwiro la mota. Makhadi amatumizidwa ku ofesi pa intaneti, ndipo injiniya mmodzi ali ku Midland amayang'anira zitsime mazana. Mapulogalamu ena aphunzitsidwa kuzindikira maonekedwe a makhadi n'kutchula okha dzina la matenda. Zimenezi zapulumutsa marodi ambiri, palibe angatsutse. Koma nkhawa yanga ndi iyi. Masamu a Gibbs amabweza chimene wawapatsa. Chipangizo choyeza katundu chikasokonekera ndi mphenzi kapena kukalamba, n'kumawerenga mopitirira, khadi lonse limasuntha. Wina akasintha marodi m'chitsime n'kuiwala kulemba m'kompyuta, makinawo amachotsa kutanuka kwa marodi amene kulibe. Khadi lotuluka limaoneka laudongo, la mizere yosalala, koma ndi labodza, ndipo munthu wokhala mu ofesi alibe chomuchenjeza. Womuchenjeza ndi uja amene anagwira paipi m'mawa n'kupeza kuti ndi yozizira. Kampani imene yachotsa anthu oterewa poganiza kuti kabokosi kalowa m'malo mwawo yadzitseka khutu limodzi.

Palinso malire ena a masamuwo. Gibbs anawalembera zitsime zowongoka, m'mene chimene chimakhula marodi ndi mafuta okha. Koma zitsime zambiri zimene zakumbidwa ku Texas ndi New Mexico m'zaka zaposachedwapa zimatsika kenako n'kukhota mpaka kugona cham'mbali m'thanthwe. Ngakhale gawo loimiriralo silikhala lowongoka kwenikweni. Pokhota paliponse rodi imatsamira paipi, chitsulo pa chitsulo, ndipo kukhulana kumeneku kumanenepetsa khadi la pansi, pampu n'kumaoneka ngati ikusenza katundu woposa amene ikusenzadi. Mainjiniya akhala akuwonjezera masamu kuti aziwerengera kukhota kwa chitsime, ndipo nkhani zimenezi zimakambidwa chaka ndi chaka pa msonkhano wa amisiri a mafuta umene umachitikira ku Lubbock.

Tsiku lozula limafikabe, pakuti palibe chitsulo chosatha. Pa tsiku limenelo mmisiri wabwino samalola kuti rodi yoduka iponyedwe pa mulu wa zitsulo asanaione. Amapukuta podukapo ndi kansalu n'kuyang'anitsitsa. Mbali imodzi imakhala yosalala, yooneka ngati theka la mwezi, ya timizere tozungulira tochokera pa kadontho kamodzi m'mphepete. Mbali inayo imakhala yokhakhala, yong'ambika. Kadonthoko ndi pamene mng'alu unayambira, ndipo timizereto tikusonyeza mmene unkakulira pang'onopang'ono pa kusenza ndi kutula kulikonse, mpaka chitsulo chotsala chitalephera n'kuthyoka nthawi imodzi. Kadonthoko kakakhala kadzenje ka dzimbiri, ndiye kuti madzi amchere ndi gasi akudya marodi, ndipo mankhwala othira m'chitsime achepa kapena sakufika pansi. Kakakhala chipsera cha sipanala kapena nyundo, mlandu ndi wa amene anamanga marodi mosasamala. Rodi ikakhala yopalika mbali imodzi mpaka kuphwatalala, inkakhulana ndi paipi.

Amalemba kuya kwa pamene yadukira, n'kutsegula makhadi a miyezi yapitayo kuti aone ngati ngodya ya kumanja inkasowa. Marodi akaduka kawiri kapena katatu pa kuya komweko, amadziwa kuti pamenepo chitsime chinakhota, ndipo pobwezeretsa amaveka marodi a pamalopo timapulasitiki towateteza kuti asakhudze paipi. Akamadukira pafupi ndi pampu, amaika marodi onenepa olemera kumapeto kuti azikoka anzawo potsika, asapindike. Kenako amamangiriranso dynamometer tsiku lomwe pampu yayambiranso, n'kusunga khadi la tsikulo, kuti mwezi wamawa pakhale chofananitsa nacho.